Mvula ndi nkhondo sitingazilamule, koma nthawi yogulira chimanga ili m'manja mwathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya zokolola ndi chakudya kwathu ku Malawi, ngakhale ndikulemba ndili kutali kuno ku Johannesburg, kumene ndakhala zaka 9 ndikugwira ntchito yokweza ndi kutsitsa matumba pamsika waukulu wa zokolola wa ku City Deep. Wina akhoza kufunsa kuti munthu amene khasu analisiya kalekale angadziwepo chiyani za kumunda. Yankho langa ndi lakuti munda wa mayi anga, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi m'boma la Balaka, ndimaulima ndili konkuno, chifukwa mbewu, feteleza ndi malipiro a aganyu zimachokera m'thumba langa, ndipo munda ukakanika foni yoyamba imalira kwa ine. Sindili ndekha. Lamulungu tikamatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, kapena tikakumana ku Park Station poperekeza katundu pabasi, moni ukangotha funso lotsatira limakhala lakuti, "Kumudzi yagwa?"

Nyengo ya ulimi ya 2023 mpaka 2024 sindidzaiiwala. Mayi anabzala ndi mvula ya mu Disembala, chimanga chinamera bwino, anapalira, anathira feteleza wokulitsa, ndipo aliyense wodutsa ankati chaka chino nkhokwe ichepa. Mu Febuluwale kumwamba kunangoyera. Mlongo wanga ananditumizira kanema pa WhatsApp akuyenda pakati pa mizere, osayankhula kanthu, ndipo ndinkangomva masamba akulira tswatswatswa pomukhudza m'mikono. Masambawo anali atapotana ngati a anyezi, ngayaye zitatuluka koma zitayera mbuu, ndevu za chimanga zitauma zisanagwire kanthu. Ndinaonera kanemayo nditakhala pamulu wa matumba a mbatatesi pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo mnzanga wa ku Zimbabwe amene ndimagwira naye ntchito anangotulutsa foni yake nkundionetsa munda wa kwawo ku Masvingo, wofanana ndendende ndi wathu. Pa 23 Marichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Zambia inali italengeza kale kumapeto kwa Febuluwale, ndipo Zimbabwe inatsatira mu Epulo. Komiti imene imaunika za njala m'dziko lathu inadzapeza kuti anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya. Izi zinachitika patangopita chaka chimodzi namondwe wa Freddy atakokolola anthu, nyumba ndi minda ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi kuchigwa cha Shire mu Marichi 2023. Akuluakulu ananena kuti mvula ikakuona litsiro siikata, ndipo anthu a kumwera mawu amenewa awaona ndi maso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti olemba nkhani a m'tauni sachifotokoza mokwanira. Mlimi saphedwa ndi kuchepa kwa mvula ya chaka chonse kokha, koma ndi kagwedwe kake. Mvula ikhoza kugwa yambiri ndithu mukaiwerengera pamodzi, koma ngati theka lake lagwa m'masiku anayi nkukokolola feteleza ndi nthaka ya pamwamba, kenako nkudula masabata atatu chimanga chikumasula, mlimiyo wapita. Nthawi yomasula ndiyo imene ufa wa kungayaye umagwera pandevu kuti maso a chimanga apangike, ndipo kukauma pamenepo mvula yobwera pambuyo imangobiriwitsa mapesi opanda kanthu. Kwathu ku Balaka zimachitika kuti tsidya lina la Rivirivi kukugwa mvula, tsidya lino fumbi likuuluka, ndipo mabanja awiri apachibale amakolola mosiyana ngati akukhala m'mayiko awiri. Choncho lipoti lonena kuti boma lakutilakuti lalandira mvula yokwanira limatha kukhala loona papepala, pamene m'midzi ina ya m'boma lomwelo anthu abzala katatu ndipo mbewu yawathera.

Za nkhondo, ambiri kumudzi amaziona ngati nkhani za pawailesi, koma zinalowa m'munda wa mayi anga popanda kuodira. Russia italowa m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, mtengo wa feteleza pamsika wa dziko lonse, umene unali utayamba kale kukwera, unafika poipa. Feteleza wa yureya amapangidwa kuchokera ku gasi, ndipo Russia ndi limodzi mwa mayiko amene amagulitsa kwambiri gasi ndi feteleza yemwe. Mayiko awiriwo ndi alimi aakulunso a tirigu ndi mpendadzuwa, choncho buledi ndi mafuta ophikira zinakwerera limodzi. Ife feteleza wathu timamuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi linasanduka chinthu chimene mlimi wamba amangochiyang'ana pakhomo la sitolo. Ndikukumbukira matani 20,000 a feteleza amene kampani ina ya ku Russia inapereka kwa Malawi. Anakhala nthawi yaitali padoko ku Netherlands, anadzera ku Beira, ndipo mwambo womupereka unachitika mu Marichi 2023, anthu akudya kale mondokwa. Mphatsoyo inali yabwino, koma chimanga sichidikira sitima ya pamadzi.

Nkhondo ina ili pakhomo penipeni. Basi imene imatitengera kwathu imadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, nkuoloka Zambezi pa Tete isanafike pa Zobue ndi pa Mwanza, ndipo mafuta ndi feteleza wambiri wa Malawi amatsikira pamadoko a Beira ndi Nacala. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitabala ziwawa ku Mozambique, misewu inkatsekedwa, magalimoto onyamula katundu ankaima masiku ambiri, ndipo ngakhale chipata cha Lebombo cha kuno ku South Africa chinatsekedwapo. Madalaivala amene timakumana nawo ku City Deep ankasimba za kugona m'galimoto osadziwa kuti anyamuka liti. Kwathu mizere ya mafuta, imene inalipo kale chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, inatalika m'miyezi yeniyeni yobzala, pamene feteleza ndi chimanga cha thandizo zimayenera kuyenda. Chakumapeto kwa Disembala anthu zikwizikwi anaoloka kulowa ku Nsanje kuthawa ziwawazo, nkukapeza eni mudzi nawonso alibe chopatsa alendo. Amene ali ndi zaka ngati za mayi anga akukumbukira kuti zimenezi si zachilendo, pakuti pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinaduka, ndipo Malawi anasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, alimi akhala akuthawa minda yawo chiyambire 2017, ndipo namondwe wa Chido anakawapezanso komweko mu Disembala 2024.

Kutali pang'ono, gulu la zigawenga la M23 linalanda mzinda wa Goma ku Congo mu Januwale 2025, pa nkhondo imene inapha asilikali athu ndi a kuno ku South Africa, ndipo ku Sudan nkhondo imene inayamba mu Epulo 2023 inafika mpaka m'minda yothirira ya Gezira, imene inkadyetsa dzikolo. Ndatchula zimenezi chifukwa mphika wa thandizo ndi umodzi. Mabungwe amene timawadandaulira ng'amba ikatigwera ndi omwewo amene akudyetsa anthu a ku Sudan, a ku Congo ndi othawa kwawo opitirira 50,000 amene ali ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo mayiko olemera achepetsa zimene amaponya mumphikamo. Ndi kulakwa kukonza mapulani a dziko poganiza kuti chaka choipa chikadza, wina adzabwera ndi galimoto ya chimanga pa nthawi yake.

Kuno kumene ndili ng'amba ya 2024 inafikanso. Minda ya ku Free State ndi ku North West inapsa, ndipo zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani opitirira 16 miliyoni kufika pochepera 13 miliyoni. Ufa unakwera mtengo, ife amene timaphika nsima m'tizipinda ta lendi tinaumva ululu wake, koma sunasowe m'sitolo. Sindikufuna kutamanda dziko la eni, chifukwa muno mu Johannesburg muli anthu ogona ndi njala pafupi ndi sitolo zodzaza, ndipo minda ikuluikuluyo ili m'manja mwa anthu ochepa pa zifukwa zimene aliyense akuzidziwa. Mtendere wake nawonso si wodalirika: mu Julayi 2021, ziwawa zitabuka ku KwaZulu-Natal ndi kuno ku Gauteng, msewu wa N3 wochokera ku Durban unatsekedwa ndipo m'madera ena anthu anaima pamzere wa buledi. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndaziona ndipo ndimazisirira. Chimanga chikakololedwa chimalowa m'nkhokwe zazikulu zimene zamwazikana m'madera olima, ndipo mtengo wake si chinsinsi. Komiti ya boma imatulutsa chiyerekezo cha zokolola mwezi ndi mwezi, chimanga chimagulitsidwa pamsika wa masheya wa JSE, mtengo wake nkumawerengedwa ngati chaperekedwa ku Randfontein, kumadzulo kwa mzinda uno, ndipo mlimi amadziwa mtengo wa lero asanakumane ndi wogula.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, Akonzi. Mvula sitingailamule, ndipo amene akumenyana ku Ukraine kapena ku Congo satifunsa maganizo. Koma njala ya kwathu imakula chifukwa zonse zimene zili m'manja mwathu zimafika mochedwa. Feteleza wotsika mtengo, kuyambira pa makuponi amene anayamba mu 2005 pa nthawi ya a Bingu wa Mutharika kufikira pulogalamu ya AIP imene inayamba mu 2020, wakhala akufika m'madera ena chimanga chili m'mawondo. Choipa koposa chimachitika pokolola. Mu Epulo ndi mu Meyi, mikukwe isanaume bwino, mavenda amakhala atapachika kale masikelo pansi pa mitengo m'misika yonse ya kumudzi. Mlimi ali ndi ngongole ya ku banki m'khonde, mwana akufunika fizi, wodwala akufunika thiransipoti ya kuchipatala, ndipo wogula amene ali ndi ndalama m'manja tsiku limenelo ndi venda yekha. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mtengo wolembedwa papepala suthandiza ngati palibe wogula pa mtengowo. Chaka ndi chaka timawerenga m'nyuzipepala kuti ADMARC ndi NFRA, mabungwe a boma ogula ndi kusunga chimanga, akudikira ndalama zogulira chimanga, ndipo akamadzatsegula misika amapeza chimanga chachoka kale m'manja mwa mlimi, kotero kuti mtengo wabwino wa bomawo umadzadyedwa ndi amene anagula motchipa. Ikafika Januwale, mlimi yemwe uja amabwerera kwa venda yemwe uja ndi kambale, kukagula chimanga chake chomwe pa mtengo wowirikiza. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 m'misika ina ya kumwera. Sindikudzudzula mavenda onse, pakuti nawonso ndi ana athu ofuna kudya, ndipo m'midzi yambiri popanda iwo sipakanakhala msika nkomwe. Ndikudzudzula kuwasiyira bwalo okha m'miyezi itatu imene imalamula chaka chonse.

Chaka cha boma cha zachuma chinasinthidwa mu 2022 kuti chiziyamba pa 1 Epulo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti chigwirizane ndi nyengo ya ulimi. Ngati ndi choncho, aphungu athu aziumirira kuti ndalama zogulira chimanga zizikhala zoyamba kutuluka, misika izitsegulidwa chimanga chikangouma, ndipo anthu aziuzidwa poyera kuti m'nkhokwe za ku Kanengo ndi zina muli matani angati mwezi uliwonse. Amene tinali ana mu 2002 tikukumbukira chimene chinachitika chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa njala ili pakhomo. Ine ndikukumbukira gaga akugulitsidwa ngati ufa, ndiponso maliro oyenda anthu owerengeka chifukwa ena analibe mphamvu zofikira kumanda. Tisadalirenso kuti tidzagula kwa anansi, chifukwa ng'amba ya El Niño imagwira chigawo chonse nthawi imodzi, ndipo aliyense amayamba watseka nkhokwe yake. Zambia, imene timaithamangira, inakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha mu 2024, osafika ndi theka lomwe la zimene inakolola mu 2023, ndipo nayonso inkaitanitsa chimanga kunja. Mu Epulo 2025 mkangano wa zamalonda unachititsa Tanzania kuletsa kwa masiku angapo zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa, ndipo katundu anaima pa Songwe popanda mfuti kulira.

Tsopano ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Joni, chifukwa kuchedwa kumene ndikudandaula nafenso tili nako. Kwa zaka zambiri ine ndinkatumiza ndalama ya chakudya pokhapokha foni ikalira kuti ufa watha, ndipo foni imeneyo imalira mu Januwale kapena mu Febuluwale, chimanga chili pa mtengo wake wapamwamba, kuno tatuluka kumene m'zikondwerero za Khirisimasi, ntchito zambiri za zomangamanga zinali zotseka, ndipo mwini nyumba akufuna lendi yake. Ndinkakongola kuti nditumize, ndipo ndalama imene ndinaikhetsera thukuta inkagula theka la chimene ikanagula miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo. Chaka cha ng'amba chija chitatha ndinakhala pansi ndi mlongo wanga pafoni nkuwerengera. Pakhomo pa mayi pamadya anthu asanu ndi mmodzi, ndipo timadziwa matumba amene amawafikitsa kukolola kwina. Tinagwirizana kuti ndalama yaikulu ndizitumiza mu Meyi ndi mu Juni, kuti mayi asagulitse ngakhale ndowa imodzi ya zimene akolola, ndipo chopereweracho agule kwa anansi awo pa mtengo wabwino kuposa wa pasikelo ya venda. Tinagula matumba aja okhala ndi mapepala a pulasitiki m'kati, amene amatsekereza mpweya kuti anankafumbwe afe okha popanda mankhwala. Mlongo wanga anandionetsa pa kanema akumanga pepala lililonse palokha ndi chingwe cha mphira, matumba atawasanjika pamatabwa m'chipinda cha mayi kuti asakhudze pansi. Januwale wotsatira foni inalira ndithu, koma inali yondiuza kuti mbuzi yaswa.

Ndikudziwa kuti si aliyense angathe. Ambiri mwa abale athu kuno amadalira maganyu a tsiku ndi tsiku, mapepala awo ndi osalongosoka, ndipo Juni ndi mwezi wa chisanu choopsa pamene ntchito za m'magadeni zimachepa ndipo ndalama imathera ku magetsi ndi parafini. Koma taonani chimene timachita mmodzi wa ife akamwalira. Magulu athu a maliro, amene alipo pafupifupi a boma lililonse la kwathu, amasonkha ndalama zambirimbiri m'masiku ochepa kuti thupi likwere galimoto likaikidwe kumudzi, ndipo palibe amene amatikakamiza. Timachita bwino kutero. Ndikupempha atsogoleri a magulu amenewa kuti aganizire zotsegula thumba lachiwiri, loti tiziponyamo pang'onopang'ono kuyambira mu Okutobala pamene ntchito zachuluka, nkuligawa mu Meyi kuti aliyense atumize kwawo pa nthawi yokolola. Chipereganyu timachidziwa kale, ndipo eni dziko lino ali ndi magulu awo a stokvel amene amasonkha chaka chonse nkugula zakudya zambiri nthawi imodzi mu Disembala. Ife Disembala wathu wogulira chakudya ndi Meyi.

Za kulima mbewu zina zanenedwa kambiri, ndipo sindibwereza zonse. Ndingoti m'chaka cha ng'amba chija, chimene chinawafikitsa mayi mu Ogasiti ndi nandolo, mbatata ya kudimba ndi mapira ochepa amene agogo anga anaumirira kuti asatayidwe, pamene ife achinyamata tinkati ndi mbewu yachikale yongoitana mbalame. Ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa kuchokera pa Kapichira kulowera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, imene akuti idzathirira mahekitala opitirira 40,000, ndi ntchito yoyenera kuithamangitsa, koma sidzafika ku Balaka kapena ku Machinga, kumene pampu yaing'ono yoyendera dzuwa pa gulu la mabanja khumi ingasinthe zambiri.

Kwa inu Akonzi ndili ndi pempho limene simufunika kudikira nalo nduna iliyonse. Tipatseni kadanga kakang'ono sabata iliyonse kolembapo mtengo wa kilogalamu ya chimanga m'misika ngati ya Lunzu, Balaka, Lizulu, Mitundu, Jenda ndi Karonga, pamodzi ndi zimene a nthambi yoona za nyengo akunena za boma lililonse, m'Chichewa chomveka kwa mayi anga. Ife kuno timawerenga nyuzipepala yanu pafoni, ndipo tikaona tidzajambula nkutumiza kumudzi tsiku lomwelo, kuti mlimi akamafika pasikelo azidziwa kale kuti ku Lunzu chimanga chikugulidwa bwanji. Ndipo m'miyezi ya Epulo ndi Meyi atolankhani anu azipita okha kumisika ya boma ya kumidzi, akaone ngati yatsegulidwa, ngati muli sikelo ndi ndalama, nkutilembera maina a misika imene apeza yotseka.

Ndine wowerenga wanu,
Mwana wa ku Balaka,
Rosettenville, Johannesburg